KODI MALONDA AKOMA NDI KUCHULUKA KWA MAU?

Inu amene muwerenga tsamba lino mwezi ndi mwezi, lero ndifuna kuti tiganizire pamodzi nkhani ya malonda. Kapena wina adzati, "Nanga za malonda zilowa bwanji m'kalata ya Mpingo?" Koma ine nditi zilowa ndithu, pakuti munthu amene aimba nyimbo m'tchalitchi tsiku la Mulungu ndi yemweyo amene ayala matemba pa msika m'kati mwa sabata, ndipo Mulungu amene amva kuimba kwake aonanso miyeso yake.

Aliyense amene anaimapo pa msika wa Songani, pa mseu wochokera ku Zomba kunka ku Liwonde, adziwa kuti pa msika sipakhala chete. Amayi a tomato aitana, anyamata a kabaza aitana, a kaunjika akweza mau, ndipo wa minibasi afuula koposa onse. Kuitana kumeneku n'kwakale, ndipo tinakuzolowera. Koma m'masiku athu ano wabadwa msika wina umene ulibe denga, ulibe mabenchi, ndiponso sutsekedwa usiku, ndiwo msika wa m'foni. Facebook inayamba ku America m'chaka cha 2004, WhatsApp inatsatira m'chaka cha 2009, ndipo tsopano zonse ziwiri zili m'matumba a anthu a kuno kwathu. Kuyambira 2012, pamene Airtel Money inayamba m'dziko muno, ndi 2013, pamene TNM inayambitsa Mpamba, munthu wokhala ku Blantyre angathe kuona chithunzi cha mpunga wa ku Domasi, nalipira ali pampando pake, thumba nilimpeza pa basi. Ichi ndi chinthu chachikulu, ndipo tiyenera kuthokoza chifukwa cha icho. Koma mphatso iliyonse idza ndi funso lake.

Funsolo linandipeza pakhonde panga. Anadza mayi wina amene ndinamphunzitsa ali mtsikana, amene tsopano apikula nsomba ku Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, nazigulitsa kuti adyetse ana ake ndi kuwalipirira sukulu. Atapereka moni anakhala pamkeka nati, "Aphunzitsi, ndadza kuti mundithandize nzeru. Mnzanga anandiuza kuti malonda a pa foni afuna phokoso. Anati ndiziika zithunzi 20 pa tsiku, ndilowe m'magulu onse, ndipo nditumize uthenga kwa aliyense amene ndili ndi nambala yake. Ndachita zimenezo miyezi itatu. Bandulo yandidyera mpamba, ogula sanachuluke, ndipo ena amene ankandigula kale aleka kundiyankha. Kodi ndalakwa pati?" Ndinati, "Mwana wanga, tandionetsa foniyo." Ndipo ndinaona zithunzi zambirimbiri za nsomba zazikulu zonona, zimene sizinasambirepo m'nyanja ya Chilwa, pakuti anazitola pa intaneti, mtengo panalibe, muyeso panalibe, koma mau otama okhaokha.

Tsono m'funso la mayiyu muli mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, kodi kuchulukitsa mau kupindulitsa? Lachiwiri ndi lakuti, kodi kuli kolungama? Wamalonda aliyense afunsa loyambalo. Koma Mkhristu ayenera kufunsanso lachiwiri, ngakhale loyamba litayankhidwa kale.

Poyamba tivomereze chimene chili choona pa mbali ya mnzake uja. Kutsatsa malonda si tchimo iai. Tomato sadikira, mlamba wowamba ukakhalitsa ufumbwa, ndipo ngongole ya ku banki m'khonde ifuna kubwezedwa pa tsiku lake. Munthu amene ali ndi katundu wabwino nakhala chete chifukwa cha manyazi, ameneyo alakwira ana ake, alakwiranso wogula amene akadathandizidwa. Chifukwa chake sindinena kuti titseke pakamwa. Ndinena za muyeso wa mau, ndi za chimene chili m'kati mwa mauwo.

Choyamba, khutu la munthu litopa. Taganizani za belu la pa tchalitchi. Anthu alimvera chifukwa lilira pa nthawi yake, ndipo likalira adziwa kuti pali kanthu. Koma wina akadaliimba ora lililonse, usana ndi usiku, pasanathe sabata palibe amene akadatukula mutu, ndipo tsiku la mapemphero likadafika anthu ali kumunda. Momwemonso pa foni. Munthu akaona dzina lako kasanu m'mawa umodzi, chala chake chiphunzira kudumpha dzinalo asanawerenge. Kenaka atseka mau ako kuti asawaonenso, ndipo iwe sudziwa kuti wakutsekera pakhomo. Upitiriza kufuula, koma ufuulira nyumba yopanda anthu.

Ngakhale makina amene ayendetsa misika imeneyi achita chimodzimodzi. Facebook siionetsa munthu zonse zimene anzake aika, pakuti zichuluka koposa. Makina ake asankha, ndipo posankha ayang'ana ngati anthu anaima pa chithunzi, ngati anayankha, ngati anatumizira ena. Chimene anthu achidumpha, makina nawonso achikankhira kumbuyo. M'mwezi wa January 2018 mwini wake, Mark Zuckerberg, analengeza kuti adzatsogoza nkhani za abale ndi abwenzi, ndi kuchepetsa zochokera kwa amalonda ndi makampani. Ndipo m'chaka cha 2019 WhatsApp inaika malire kuti uthenga wolandira kwa wina usatumizidwe kwa anthu kapena magulu oposa asanu nthawi imodzi, chifukwa mabodza anali kufala ngati moto wa m'tchire. Taonani, ngakhale eni msikawo, amene apindula ndi kuchuluka kwa anthu, anaona kuti phokoso lopanda malire lithamangitsa anthu.

Chachiwiri, mau athu ali ndi mtengo, ndipo kawirikawiri aulipira ndi mnansi wathu. Pa msika wa Songani ukaitana munthu, kumva kwake n'kwaulere. Pa foni si choncho. Chithunzi chilichonse chimene atsegula chidya bandulo yake, ndipo kanema adya koposa. Ambiri a ife tigula bandulo yaing'ono ndi ndalama imene ikadagula mchere kapena sopo, ndipo popeza m'midzi yambiri mulibe magetsi, titchajitsa foni pa golosale ndi kulipiranso. Chiyambire November 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, palibe khobidi limene munthu wa kumudzi angataye osalimva kuwawa. Tsono ine ndikatumiza zithunzi khumi kwa mayi wamasiye amene sanandipemphe, kodi sindinapise dzanja m'thumba mwake? Ndatenga pang'ono, inde. Koma ndatenga chosapatsidwa.

Ndipo pali choipa choposa ichi. Mipingo yambiri tsopano ili ndi magulu a WhatsApp, la akulu ampingo, la amayi a Mvano, la achinyamata, la kwaya. Magulu amenewa anapangidwa kuti tidziwitsane za mapemphero, za odwala ndi za maliro. Ndinaona ndi maso anga uthenga wa maliro utakwiririka pansi pa zithunzi za nsapato ndi zitenje, kotero kuti ena anamva za zovutazo mwambo utatha. Amene anaika zithunzizo sanafune choipa. Anafuna kugulitsa basi. Koma ofedwa anakhala ndi anthu ochepa pa siwa. Tikumbuke kuti Ambuye wathu anakwiya pamene anapeza malonda m'bwalo la Kachisi. Sanadane ndi malonda, koma anaona kuti alanda malo a chinthu china chopatulika.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, kuchuluka kwa mau kubala bodza. Munthu amene ali ndi dengu limodzi la matemba ali ndi zoona zochepa zoti anene: nsomba zake ndi zakuti, anazitenga tsiku lakuti, mulu ndi ndalama zakuti, apezeka pakuti. Zimenezi zitha m'mizere inayi. Koma akadzilamula kuti alankhule kakhumi pa tsiku, nanga kasanu ndi kanayi kotsalako adzanena chiyani? Adzayamba kukometsa. Lero adzati nsomba zatsala pang'ono, pamene dengu lili lodzaza. Mawa adzati watsitsa mtengo, pamene sanaukweze ndi kale lomwe. Mkuja adzabwereka chithunzi cha mwini. Sanayambe ndi mtima wonama iai, koma mpata umene anadzitsegulira unafuna kudzazidwa, ndipo choona chitatha anadzaza ndi mankhusu.

Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chinyengo cha pa malonda tichidziwa kuyambira kale: kuponda chitini pansi kuti chilowe mpunga wochepa, kuika nsomba zazikulu pamwamba pa mulu ndi zoduka pansi, kusakaniza mpunga wonunkhira ndi wina wamba. Buku la Miyambo, mutu 11, litiuza kuti sikelo yonyenga Mulungu anyansidwa nayo, ndipo mneneri Amosi, mutu 8, adzudzula iwo amene achepetsa muyeso ndi kugulitsa zinyalala za tirigu. Tsono ine nditi, pa msika wa m'foni chithunzi ndicho sikelo. Wogula wa ku Blantyre sangathe kugwira mpunga ndi dzanja, sangathe kununkhiza nsomba; ayesa katunduyo ndi chithunzi ndi mau ako okha, natumiza ndalama asanaone kanthu. Amene aika chithunzi chosakhala cha katundu wake waponda chitini pansi. Boma lomwe linaona ichi, pakuti lamulo loteteza ogula la 2003 liletsa kutsatsa malonda monyenga. Koma Mkhristu sayenera kudikira lamulo la boma kuti aleke chimene chikumbumtima chake chaletsa kale.

Ndipo tisaiwale kuti pa msika umenewu pali kale mantha. Ndani mwa ife amene sanalandirepo uthenga wa akathyali wonena kuti atumize ndalama ku nambala yakuti? Anthu ambiri anaberedwa motero, ndipo tsopano aopa kulipira munthu amene sanamuone. Chifukwa chake mpamba weniweni wa wamalonda wa pa foni ndiwo kukhulupirika kwake. Ndalama zikatha munthu akongola zina. Koma dzina likaipa palibe banki imene ibwereketsa lina. Madzi akatayika saoleka.

Chachinayi, chiwerengero chinyenga mtima. Makina aja ationetsa manambala: anthu akuti aona, akuti akonda, akuti akutsata. Ndipo mtima wa munthu ukondwera ndi nambala yaikulu monga mwana akondwera ndi kulira kwa chitini. Alipo ena amene afika pogula otsatira ndi ndalama, maina opanda anthu, kuti aoneke otchuka. Koma tafunsani, mwa anthu 5,000 amene atsata tsamba lanu, ndi angati adzadya matemba anu? Wina ali ku Johannesburg, wina ndi mwana wa sukulu, wina anadina mwangozi. Mabanja 30 amene agula kwa inu mwezi ndi mwezi, nauza anansi ao, aposa khamu lonselo. Tiwerenga m'buku la Oweruza, mutu 7, kuti Gideoni anayamba ndi anthu 32,000, koma anapambana ndi 300 okha. Ndipo m'buku lachiwiri la Samueli, mutu 24, Davide atawerenga anthu ake mtima wake unamtsutsa. Kuwerenga si koipa, pakuti wamalonda ayenera kudziwa masamu. Choipa ndicho kuika chikhulupiriro pa nambala, ndi kuleka kuona anthu amene ali kuseri kwa nambalayo.

Asodzi a ku Chilwa angatiphunzitse pano. Alipo amene asoka pamodzi maneti a udzudzu nawasandutsa khoka. Khoka lotere silisiya kanthu. Likokolola nsomba zazikulu, tiana ndi mazira omwe. Tsiku limenelo bwato lidzaza, koma chaka chamawa nyanja ilira. Wotumiza uthenga kwa aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe, akoka khoka lotere pakati pa anansi ake. Agwira awiri lero, koma watha kuleza mtima kwa anthu zana amene akadagula m'tsogolo.

Nanga tsono mau abwino a malonda ndi otani? Ndinamuuza mayi uja zinthu izi, ndipo ndizilemba pano kuti zithandize telala, mmisiri wa matabwa, wophika mandasi, woweta nkhuku ndi wogulitsa mpunga. Jambulani katundu wanu weniweni, amene muli naye lero, panja poyera pamene pali kuwala, ndipo muike pambali pake mbale kapena chitini choyezera kuti wogula aone kukula kwake. Lembani mtengo poyera. Amene abisa mtengo kuti ayambe waona nkhope ya wogula ali ndi miyeso iwiri m'thumba mwake. Nenani kumene mupezeka, ndi m'mene katundu adzafikire, ndi amene adzalipira ulendo wake. Ngati pali chilema, chitchuleni inu mwini wogula asanachipeze. Munthu amene wauzidwa kuti mpunga uwu uli ndi zosweka pang'ono, ndipo chifukwa chake mtengo watsika, adzakukhulupirirani pa tsiku limene mudzati uwu ndi wabwino koposa. Katundu akatha nenani kuti watha. Musatumize kwa munthu amene sanavomere, ndipo m'gulu la mpingo musaike malonda, pokhapokha akulu atapatula tsiku la zimenezo. Wofunsa muyankheni msanga ndi mwaulemu, ngakhale afunse osagula, pakuti yankho limodzi labwino ligulitsa koposa zithunzi khumi. Ndipo mukalakwitsa, bwezani ndalama kapena katundu, osazimitsa foni.

Koma pasakhale wina woganiza kuti ndiyamikira ulesi. Kuchepetsa mau sikutanthauza kuiwala malonda mwezi wathunthu ndi kudzidzimuka ndalama zitatha. Msika uli ndi tsiku lake, ndipo anthu adza chifukwa adziwa tsikulo. Momwemo sankhani masiku anu, awiri kapena atatu pa sabata monga mwa katundu wanu, ndipo muwasunge. Ndiponso kulemba uthenga umodzi wabwino ndi ntchito yolemetsa koposa kumwaza makumi awiri opanda pake, pakuti ufuna kupeta mpunga bwino, kusankha nsomba, kuganiza mau. Ku sukulu ya uphunzitsi anatiuza kuti phunziro limodzi lokonzedwa bwino liposa asanu othamangitsa, ndipo zaka zanga m'kalasi zanditsimikizira kuti mphunzitsi wolalata tsiku lonse ndiye amene ana samumva.

Tsopano tifike pa chovuta chenicheni, pakuti sindifuna kukunyengani inenso ndi mau okometsa. Wina adzati, "Aphunzitsi, mwanena bwino, koma ife tiona ofuula ndi onama akulemera, ndipo oona mtima atsalira." Ndivomera kuti nthawi zina zitero. Wolemba Salmo 73 anavutika ndi funso lomweli, naona oipa akukhala pabwino, mpaka phazi lake linatsala pang'ono kuterereka. Wonama angathe kugulitsa msanga, makamaka kwa alendo amene sadzabweranso. Sindingalonjeze kuti aliyense wonena zoona adzamanga nyumba ya malata chaka chino. Chimene ndinganene ndi ichi: wonama ayenera kufuna ogula atsopano tsiku ndi tsiku, pakuti akale sabwerera, ndipo dera lathu ndi laling'ono, mbiri iyenda msanga kuchokera ku Songani kufika ku Domasi ndi ku Malosa, koma woona mtima amanga pa maziko amene anaika dzulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ngakhale phindu likadapanda kudza konse, choona chikadakhalabe choyenera, pakuti sitinena zoona chifukwa zilipira, koma chifukwa wogulayo ndi mnansi wathu, wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu, amene tinalamulidwa kumkonda monga tidzikonda ife eni.

Nyanja yathu ya Chilwa ndi yotambalala, koma ndi yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulukamo. Akulu akumbuka kuti inauma m'chaka cha 1968, inaumanso m'chaka cha 1995, ndipo m'chaka cha 2018 inaphwa kwambiri, mabwato nakhala pamatope. M'zaka zotere wogulitsa nsomba asowa chogulitsa, ndipo ayenera kutembenukira ku mpunga, ku nyemba kapena ku zina. Pamenepo chidzamtsata ndi chiyani? Nambala ya otsatira sidzamtsata, koma anthu amene anamyesa nampeza woona adzati, "Amene sanatinyenge pa matemba sadzatinyenga pa nyemba." Malonda otambalala ndi osaya auma ndi chilala choyamba.

Mayi uja anachotsa zithunzi zobwereka, natuluka m'magulu amene sanali ake, napepesa kwa amayi a Mvano. Tsopano alemba kawiri pa sabata, pa masiku amene wabwera kuchokera kunyanja, ndi chithunzi chimodzi, mtengo ndi muyeso. Sanalemere, ndipo masiku ena nsomba zitsala. Koma tsiku lina titakomana pa msika anandiuza kuti, "Aphunzitsi, bandulo ya sabata imodzi tsopano indikwanira, ndipo pali mabanja a ku Zomba amene andiimbira okha kufunsa ngati ndabwera. Koma chimene ndikondwera nacho koposa n'chakuti foni ikalira sindiopanso kuti ndi munthu wodandaula."

Chifukwa chake, abale ndi alongo, musanadine kuti uthenga upite, dzifunseni mafunso atatu: Kodi ichi n'choona? Kodi amene ndimtumizirayu achifuna? Kodi ndikadakhala ine wolandira, ndikadathokoza? Ngati yankho lili inde katatu, tumizani ndi mtima woyera, ndipo Mulungu adalitse ntchito ya manja anu. Ngati si choncho, bwezani foni m'thumba. Ndipempha akulu ampingo ndi atsogoleri a amayi ndi achinyamata kuti akambirane nkhani imeneyi m'misonkhano yao, makamaka za magulu a mpingo, kuti uthenga wa odwala ndi ofedwa usasowenso malo pakati pathu. Mtendere ukhale ndi inu nonse.

Mphunzitsi, Songani.